Foni inafika ku Chifunde, chigamba chinatsala m'njira

Mu Seputembala 2023, pa msonkhano wa ku Bilbao m'dziko la Spain, kunalengezedwa kuti Linux yosamalidwa nthawi yaitali, imene inkakonzedwa kwa zaka 6, izikonzedwa zaka 2 zokha. Kuno ku Chifunde palibe amene anamva. Komatu chigamulocho chili m'thumba la mlimi aliyense wa fodya amene ali ndi foni ya Android, kuyambira ku Mualadzi mpaka pa chipata cha Cassacatiza. Pansi pa WhatsApp, zithunzi ndi ndalama za pafoni pali kernel ya Linux, pulogalamu imene imalamula batire, kamera ndi netiweki, n'kumaletsa pulogalamu ina kusuzumira m'zinthu za inzake. Ikabooka imeneyo, zonse zili poyera.

Osamalira Linux sindikuwada. Ntchito yawo imaoneka. Chiyambire pamene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ku Helsinki, anthu amenewa aphunzira kudziopa okha. Amatsegula khomo milungu iwiri kuti zatsopano zilowe, kenako amatseka. Kuchokera pamenepo mlungu uliwonse amatulutsa yoyesera, rc1, rc2, kawirikawiri mpaka rc7, ndipo cholowa ndi chokonza zolakwika basi. Pakatha milungu 9 kapena 10 ndiye Linux yatsopano imatuluka. Zigamba, ndiye kuti zokonza zolakwikazo, zopita ku Linux zakale amaziika poyera masiku awiri kuti wofuna ayese, ndipo pali makina monga syzbot amene usana ndi usiku amaiponyera kernel zopanda mutu kuti aone pamene igwere. Osamalirawo anati atopa kusenza makernel akale ambirimbiri amene opanga mafoni sakuwatenga n'komwe, ndipo akhala akunena kuti zakazo atha kuwonjezera ngati makampani abwera kudzathandiza kuyesa. Ndikuwamvetsa. Mkwiyo wanga uli pa amene anaitanidwa koma sanabwere.

Taonani njira imene chigamba chimayenda. Chichoke kwa osamalira Linux, chipite kwa opanga Android, kwa opanga chip, kwa opanga foni, ndiye chifike kwa inu. Wopanga chip amatenga kernel imodzi, kuisokerera zakezake, n'kuiumitsa. Wopanga foni amaigula yowuma kale, kupakapo mtundu wowala ndi makamera atatu (awiri mwina ongokongoletsa), n'kuitumiza ku Africa. Tsiku limene mukuimasula m'bokosi, kernel yake yatha kale chaka kapena ziwiri. Ndalama akalandira, kwatha. Chigamba chilipo, n'chaulere, chayesedwa, koma sichifika.

Izi si zongoopseza ana. Mu Okutobala 2016 kunapezeka bowo lotchedwa Dirty COW, limene linakhala mu Linux zaka 9 osaoneka. Osamalira Linux analitseka mwezi womwewo. Pofika Seputembala 2017 akuba anali akulowerabe pa bowo lomwelo m'mafoni a Android, chifukwa chigamba chinali chisanafike kwa anthu wamba. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ife alimi a fodya mwambi umenewu sitiuphunzira kusukulu.

Tsono mverani amene amateteza makampaniwa. Woyamba akuti: "Gulani foni yatsopano." Zikomo kwambiri, bwana! Munthu wadikira chaka chonse kuti fodya agulidwe, wabweza ngongole ya feteleza, wagula malata, wagulira ana zovala, ndiye atayenso foni imene ikuyaka bwinobwino chifukwa wina waulesi ku ofesi yakutali sakufuna kutumiza chigamba? Kuno foni siifa msanga. Bambo akatopa nayo imapita kwa mayi, kwa mayi ipite kwa mwana wa ku sekondale. Galasi likasweka amaimata tepi, batire ikafufuma amasintha pa msika, amaitchaja pa sola ya pagolosale limodzi ndi mafoni ena khumi pa waya mmodzi. Zaka 2 zimene akunenazo, foni ya ku Chifunde imakhala isanayambe n'kukalamba komwe.

Wachiwiri ndiye amandiseketsa zedi. Akuti Linux ndi yotseguka, aliyense atha kudzikonzera. Aliyense! Agogo a ku N'sadzo akhale pansi pa mtengo wa mango, akope mizere ya code yoposa 30 miliyoni pa mamega a tsiku limodzi, atsegule foni imene wopanga anaikhoma dala, ndiye adzikonzere. Mawu amenewa amanenedwa ndi anthu amene sanaonepo munthu akukwera pachulu kufuna netiweki. Kutseguka kwa Linux kwapindulitsa ndani? Kampani yatenga mwaulere ntchito ya anthu zikwizikwi, yapulumutsa ndalama zimene ikanalipira mainjiniya, yagulitsa mafoni mamiliyoni, ndiye pa kuyesa ndi kutumiza chigamba ikuti ilibe anthu. Pa kutenga anthu analipo.

Wachitatu amanong'ona kuti kumudzi kulibe chobedwa. Ameneyu sanaime pa mzere wa ejenti wa M-Pesa kapena e-Mola nthawi yogulitsa mbewu. Kumene banki ili kutali, ndalama ya chimanga, ya fodya, ya mwana wogwira ntchito ku Tete kapena ku Lusaka, yonse imadutsa pafoni. Wa mumzinda akaberedwa amathamangira ku ofesi. Wa kuno amauzidwa kuti mwina anapatsa munthu nambala yachinsinsi, abwerere kwawo.

Ndipo asatinamize kuti sizitheka. Makampani awiri akuluakulu analonjeza, ina mu 2023 ina mu 2024, kuti mafoni awo odula azilandira zigamba zaka 7. Ndiye kuti luso lilipo. Kungoti chitetezo achisandutsa katundu wa olemera: amene amasintha foni chaka chilichonse ndiye apatsidwa zaka 7, amene amaisunga zaka 7 sapatsidwa ngakhale lonjezo la pakamwa.

Tsegulani foni yanu, pitani pamene palembedwa za foniyo, muone nambala ya kernel. Mukapeza 4.14, osamalira Linux anaisiya mu Januwale 2024. Mukapeza 4.19, anaisiya mu Disembala 2024. Muonenso tsiku limene munalandira chigamba chomaliza, kenako mufunse amene anakugulitsani kuti chotsatira chibwera liti. Akuyang'anani ngati mwamufunsa tsiku la mvula.

Ofesi imene imavomereza mafoni kulowa m'dziko muno ili ndi chidindo, ndipo imadziwa kuchigwiritsa ntchito ikafuna kuti tilembetse manambala athu. Paketi ya bisiketi imalembedwa tsiku lothera ntchito. Chikuiletsa n'chiyani ofesiyo kulamula kuti bokosi la foni lilembedwe chaka chimene zigamba zidzasiye kubwera, ndipo wokana kulemba katundu wake abwerere pa doko la Beira?