Sewelo Si Chikwangwani Choyenda

Pa zaka zitatu zimene nakhala m'gulu la drama pa koleji pathu, nakhalapo mwamuna chidakwa ka 7. Jekete ni imodzimodzi, yong'ambika pa phewa. Botolo ni imodzimodzi, ya tiyi wozizila. Nimalowa modzandila, anthu aseka, nimenya "mkazi wanga", mwana adwala, ndipo pothela pabwela munthu wovala tisheti yoyela kudzatiuza tonse kuti mowa ni woipa. Tigwilana manja, tiimba nyimbo, tisaina pepala la alawansi, tikwela basi.

Anzanga, tiyeni tileke kudzinamiza. Ichi si sewelo. Ni chikwangwani chimene chamela miyendo. Timakonda kukamba kuti masewelo afa chifukwa cha TikTok, kapena chifukwa cha makolo amene amati drama ni ya anthu olephela masamu. Koma amene tikupha sewelo ndife ophunzila a m'makoleji, ise amene timati timalikonda.

Mudziwa mmene zimayendela. Bungwe lina libwela na mutu: kolela, mimba za ana a sukulu, nkhanza za m'banja, kuvota. Litipatsa mfundo zisanu zimene "zifunika kumveka". Tili na masiku awili oyeseza. Mapeto adziwika kale tikalibe kulemba mzele woyamba. Anthu a m'sewelo alibe na maina omwe: uyu ni Chidakwa, uyu ni Mtsikana Wosamva, uyu ni Nesi. Woonelela akaona mphindi ziwili chabe adziwa kale amene adzafa na amene adzalapa. Ngati akhalabe, akhalila ng'oma na mavinidwe.

Tsiku limene n'nachita manyazi linali mu January 2024, pamene kolela inavuta mu Lusaka mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegula. Tinapita ku komboni ina na sewelo lathu la kusamba m'manja na kuwilitsa madzi. Tinavina bwino, osanama. Nesi wathu ali mkati mopeleka uphungu wake, mayi wina amene anaimilila kumbuyo na chigubu m'manja anakamba mokweza kuti: "Mwana wanga, madzi amene ukamba ali kuti? Nanga malasha owilitsila udzanigulila ndiwe?" Anthu anakhala zii. Mtsogoleli wathu anatsinzinila woimba ng'oma kuti ayambe nyimbo yotsiliza, ndipo tinakwilila funso la mayi uja na phokoso.

Funso lija ndilo linali sewelo lenileni tsiku lija, ndipo ise tinalithawa. Mayi uja adziwa kale kuti madzi akuda amadwalitsa. Chimene chimamuvuta ni chitsime chimene chili pafupi na chimbudzi, landilodi amene safuna kukumba china, pompi imene imauma, na ndalama imodzi imene ifunika kugula malasha, ndiwo na sopo pa nthawi imodzi. Apo ndiye pali mkangano. Apo ndiye pali munthu amene afunika kusankha pakati pa zinthu ziwili zowawa. Ise tinabwela kudzamuphunzitsa kusamba m'manja monga ni mwana wa giledi 1.

Chimene chimaniwawa maningi n'chakuti masewelo a ophunzila muno mu Zambia sanayambe telo. Yunivesiti ya Zambia inatseguka mu 1966. Pa nthawi ija nyumba za masewelo, monga Lusaka Playhouse na makilabu a ku Copperbelt, zinali m'manja mwa azungu kwambili, ndipo masewelo ambili anali ochokela ku Britain. Ophunzila a UNZADRAMS na aphunzitsi awo, pakati pawo Michael Etherton, anamanga bwalo lawo lapanja n'kulicha Chikwakwa, dzina la chida chochekela udzu chimene munthu wamba aliyense amachidziwa. Ndipo sanakhale pa bwalo lija chabe. Anali kuyenda m'zigawo, kukhala na anthu a kumeneko, kupanga nawo masewelo m'zinenelo zawo. Ba Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, yokamba za ba Kaunda na nkhondo yomenyela ufulu. Pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ku South Africa mu 1976, ba Masautso Phiri na gulu la Tikwiza anaika Soweto pa siteji. Awa anali masewelo amene anali kulowa m'nkhani zotentha za nthawi yawo. Palibe amene anawapatsa mfundo zisanu.

Ngakhale masewelo a chitukuko amene timabisalako lelo anali na njila yake. Pa msonkhano wa ku Chalimbana mu 1979, nchito inali kuyamba na kupita m'midzi kukamvela. Ochita masewelo anali kufunsa, kusonkhanitsa zimene anthu akamba, kupanga sewelo kuchokela pa zimenezo, kulionetsa kwa eni nkhani, ndiyeno kukhala pansi kukambilana. Ku Brazil, Augusto Boal anapita patsogolo: anali kuimitsa sewelo pakati n'kuitana woonelela kuti akwele pa siteji ayese njila yake. Boal akanakhala na ise tsiku lija, mayi wa chigubu akanapatsidwa malo a nesi. Ise tatenga ng'oma na bwalo, koma kumvela tinakusiya kumbuyo.

Pali chinthu china chimene sitimachiona chifukwa tinachizolowela. Yang'anani amene amakamba chinenelo chiti m'masewelo athu. Dokota akamba Chizungu. Loya akamba Chizungu. Mtsikana wabwino amene amaliza sukulu akamba Chizungu. Chinyanja timachisungila chidakwa, wanchito wa m'nyumba, kondakita na ambuya osadziwa kanthu. Ndipo tikafuna kuchita sewelo limene timati ni "lozama", la mpikisano kapena la mamakisi, timathamangila Chizungu cha m'mphuno chimene ngakhale ise eni ake sitikamba ku hositelo. Tikatelo timaphunzitsa holo yonse kuti chinenelo cha amayi awo n'choseketsa chabe, kuti munthu sangalile, kuganiza kapena kukonda m'Chinyanja.

Limeneli ni bodza, ndipo umboni ulipo. Funsani akuluakulu za Poceza m'Madzulo ya ba Julius Chongo pa wailesi: munthu mmodzi, mau chabe, koma mabanja anali kusonkhana kuti amvele. Pitani ku Katete muone Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuika pa chuma cha anthu onse mu 2005. Chilombo ngati Simoni, wa nkhope yofiila, chimaseka mzungu popanda kumuchula. Gule amaseka adyela, amaseka odzikuza, amaopseza, ndipo palibe amene amabwela pothela kudzafotokoza tanthauzo. Anthu amapita nalo kunyumba n'kumalitafuna okha. Makolo athu anali kukhulupilila nzelu za oonelela. Ise, na madigili athu, sitizikhulupilila.

Nidziwa zimene ena mudzayankha. Mudzati alawansi ija imagula ndiwo na mabando, ndipo n'zoona. Ine nailandilapo ka 7, ndipo mwezi ukavuta nidzailandilanso. Siniuza munthu kuti agone na njala chifukwa cha luso. Koma tiziicha dzina lake: ni pisiweki. Kondakita sakamba kuti ni dalaiva. Vuto limayamba pamene gulu lonse lilibe chinanso chimene limachita, pamene chaka chonse chipita popanda sewelo ngakhale limodzi limene palibe anatituma.

Ena mudzati uthenga umapulumutsa miyoyo. Inde. Koma uthenga wakuti "wilitsani madzi" wailesi imaufikitsa kwa anthu ambili kuposa ise, ndipo meseji ya pa foni imachipa. Chimene sewelo lokha lingachite ni kuika anthu awili pamaso panu, aliyense ali na chifukwa chake chomveka, ndipo imwe mukhale pamenepo osadziwa amene mungaimbe mlandu. Chikwangwani sichingachite zimenezo. Ngati tasiya chinthu chokhacho chimene tili nacho, tikupikisana na mapepala omata pa chipupa, ndipo mapepala sapempha alawansi.

Nkhani sizisowa. Tikhala nazo m'chipinda chimodzi. Ali kuti sewelo la anthu anayi ogona m'chipinda cha awili, mmodzi wa iwo ni skwata amene amalipila mnzake mwakabisila? Ali kuti sewelo la mnyamata amene anabecha ndalama ya fizi pa mpila, ndipo atate ake abwela mawa kuchokela ku Petauke? La mtsikana amene ali na blesa, osati monga chitsilu chimene chifunika kufa pothela, koma monga munthu amene amayi ake adziwa kumene ndalama ya lendi imachokela ndipo asankha kusafunsa? La womaliza digili amene akhala m'kabuthu ka mobile money tsiku lonse, n'kumabisala akaona mnzake wa m'kalasi? La wometa tsitsi pa nthawi ya lodishedi ya 2024, amene anali kudzuka pakati pa usiku magetsi akabwela? Zonsezi tidziwa mmene zimanunkhila. Tidziwa mau enieni amene anthu amakamba. Sitifunika holo ya magetsi okongola. A Chikwakwa analibe denga.

Na imwe oonelela simuli oyela. Mumalipila kuti muonele mpila ku bala, koma pa khomo la sewelo la anzanu mumafuna kulowa mahala chifukwa "tidziwana". Mumaseka pamene mwamuna amenya mkazi pa siteji, ndipo ochita sewelo akamva kuseka kuja amawonjezela mbama. Mumajambula mphindi imodzi ya mavinidwe n'kuchoka. Gulu limapanga zimene mumaombela m'manja. Lipilani kangachepe kaja. Khalani mpaka pothela. Ngati sewelo linali labodza, muuzeni mnzanu pamaso kuti, "Mwana, apa mwatinamiza." Zimenezo zimathandiza kuposa kumuuza kuti wachita bwino pamene mumtima mudziwa kuti munali kuwodzela.

Kwa magulu a drama pempho langa ni laling'ono. Pa masewelo onse olipilidwa amene mudzachita chaka chino, pangani limodzi lanu. Muyambe na kumvela, osati kulemba. Mupatse munthu aliyense dzina na chifukwa. Mulole dokota akambe Chinyanja, ndipo chidakwa chikhale na tsiku limodzi limene chakamba zoona. Ndipo munthu akafunsa funso kuchokela kumbuyo, muimitse ng'oma.

Ine jekete ija naibweza mu katoni ya zovala. Temu ino tili anthu asanu, timakumana pansi pa mtengo kuseli kwa laibulale, ndipo tikupanga sewelo la mayi wa chigubu, landilodi wake na chitsime chimodzi. Landilodi nayenso ali na ana, ali na nkhongole. Tikalibe kudziwa mmene lidzathela, ndipo timakangana tsiku lililonse. Chimene tagwilizana n'chimodzi chabe: palibe wa tisheti yoyela amene adzabwela kudzatseka nkhani.