Sukulu ndi yaulele, koma mwana wachibwibwi ku Rufunsa amuthandiza ndani?

Amai ndi atate a pa Soweto, pa City Market, pa Mtendere ndi pa Chelstone, imvani iyi. Ambili a inu malasha amene mugulitsa achokela ku Rufunsa, ndipo ena munasiya ana kwa ambuya ku Chinyunyu, kwa Bunda Bunda, kwa Shikabeta kapena kwa Mpanshya. Nkhani ndi ya ana amenewo, makamaka uja wafika zaka 7 mau akalibe kumveka bwino, uja wachibwibwi, uja m'khutu mutuluka mafinya chaka chonse ndipo aphunzitsi akamuitana sacheuka.

Boma litiuza m'mawa ndi madzulo kuti kuyambila January 2022 sukulu ndi yaulele, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi 30,496. Sitikana. Ana analowa m'kalasi. Manje funso ndi ili: mwana amene sakwanitsa kukamba, akalowa m'kalasi yodzaza mpaka ena kukhala pansi, aphunzila chani? Amuika kumbuyo. Anzake amuseka. Akafika Grade 3 osadziwa kuwelenga, ati ndi wopanda nzelu, ati anamulodza, mapeto ake asiya sukulu ayamba kunyamula matumba a malasha pa Great East Road.

Pali munthu amene anaphunzila ntchito yothandiza ana otele. Amuchula kuti speech therapist. Poyamba aonetsetsa kuti makutu a mwana apimidwa, chifukwa ana ambili amene achedwa kukamba vuto lili ku makutu. Ayang'ana m'kamwa, lilime ndi milomo. Aseŵela naye, amuonetsa zithunzi, amvetsela mau amene amuvuta, ndiye amuphunzitsa pang'onopang'ono. Mwana amene anabadwa ndi m'kamwa mong'ambika, madokotala akamusoka ntchito siinathe, afunika kuphunzila kutulutsa mau m'kamwa osati m'mphuno. Wachibwibwi afunika mphunzitsi amene amupatsa nthawi, osamumalizila mau, osamukwapula. Speech therapist ndiye auza mphunzitsi ndi makolo zimenezi. Ndipo ku Rufunsa kuli chinanso: ana ambili kunyumba akamba Chisoli, kusukulu apeza Chinyanja ndi Chizungu. Mwana akangokhala duu m'kalasi, pafunika wodziwa kusiyanitsa ngati ndi chilankhulo chachilendo chabe kapena ndi vuto lenileni. Mphunzitsi mmodzi wa ana ambilimbili nthawi imeneyo aipeza kuti?

Akatswili amenewa mu Zambia ndi ochepa kwambili, ndipo ochepawo ambili ali muno mu Lusaka. Za makutu ndi m'kamwa anthu apita ku UTH kapena ku Beit CURE. Kuchoka pa boma la Rufunsa kufika mu tauni ndi makilomita opitilila 150, ndipo wa kwa Shikabeta ayambe wafika kaye pa tala. Inu ochita malonda muidziwa bwino masamu iyi. Thandizo la kukamba si nyeleti yolasa kamodzi, ni kubwelela sabata ndi sabata, miyezi. Thilansipoti ya anthu awili kupita ndi kubwela, chakudya, pogona, katundu pa tebulo uli kuola chifukwa mwini kulibe. Mai wogulitsa tomato akwanitsa maulendo angati asanagwe mu kaloba? Ndiye uyu mwana sukulu yake ndi yaulele bwanji?

Asatiuze kuti lamulo kulibe. Persons with Disabilities Act inasainidwa mu 2012, chaka chomwe a Michael Sata anadula Rufunsa ku Chongwe kuti ikhale distilikiti payokha, ndipo lamulo limenelo linena za maphunzilo a ana olemala pamodzi ndi anzao. Asatiuzenso kuti ndalama kulibe. Iwo eni ndiye adzitama kuti CDF anaikweza kuchoka pa K1.6 million kufika K25.7 million mu 2022, K28.3 million mu 2023, K30.6 million mu 2024. Madesiki agula, chabwino. Desiki ioneka bwino pa chithunzi, a MP aimilila pambali akumwetulila. Mwana amene waphunzila kutchula dzina lake sapezeka pa chithunzi, mwina ndiye chifukwa chake palibe amene amukumbuka.

Zimene tipempha si zakumwamba. Unduna wa zamaphunzilo ndi wa zaumoyo agwilizane aike speech therapist mmodzi chabe mu distilikiti, ampatse njinga yamoto azizungulila masukulu, masiku ena azipezeka pa chipatala cha St Luke's ku Mpanshya. Mwana aliyense wolowa Grade 1 apimidwe makutu ndi kakambidwe. Aphunzitsi a maphunzilo apadela amene atuluka ku ZAMISE ku Kamwala atumizidwe kumasukulu a kumudzi, osaunjikana mu tauni. Ndipo ofesi ya DEBS ku Rufunsa itulutse nambala poyela: ana a vuto la kumva ndi kukamba alipo angati, ndipo ndi sukulu iti imene speech therapist wa boma anapondako phazi chaka chino. Itchule dzina la sukuluyo.

Inu amene mupita kukaoda kumeneko, mapulojekiti a CDF ayambila ku Ward Development Committee. Tumani abale anu akalembetse nkhaniyi pa msonkhano wotsatila, ndipo mukakumana ndi khansala pa maliro kapena pa msika, mufunseni pamaso pa anthu kuti pepala lija lafika pati.