Chidakwa Sichichira ndi Chidzudzulo

Pakati pathu, munthu akagwidwa ukapolo ndi kachasu kapena chamba, kufikira kugulitsa malata a nyumba yake ndi feteleza wa m'munda mwake, timathamangira kumuitanira amalume, ankhoswe ndi akulu a mpingo, amene amkhazika pabwalo namuwerengera mphulupulu zake zonse, iye atazolika, akungolembalemba pansi ndi kamtengo. Ndipo akati walapa, onse amwazikana mokondwera, osazindikira kuti manyazi amsenzetsawo ndiwo ambwezera kumowa dzuwa lisanalowe.

Ine ndikuti mwambo umenewu, ngakhale uchokera m'chikondi, uchiritsa ochepa. M'chaka cha 1983 William Miller, katswiri wa za maganizo wa ku America, analongosola uphungu wa mtundu wina, umene phungu satsutsana ndi wodwala, koma amfunsa mofatsa kuti, "Kodi mowa umakupatsani chiyani, nanga wakulandani chiyani?" nakhala chete, kufikira mwini wake atchula ndi pakamwa pake za mwana wosiya sukulu, za ngongole, za manja onjenjemera m'mamawa, pakuti chifukwa chimene munthu wadzipezera yekha achisunga mumtima, koma chimene amuunjikira ena achisiya pa mphasa pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere, tinene zoona, n'kosowa ngakhale pakati pa ife okonda kulangiza anzathu.

Wina adzati izi nza azungu ophunzira. Koma gulu la Alcoholics Anonymous linayambidwa mu 1935 ku Akron ndi zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi Bob Smith, zimene zinapeza kuti munthu alimba mtima akamakamba ndi mnzake wodziwa ludzu lomwelo. Ndipo kwa anansi athu ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kumvetsera othodwa ndi nkhawa, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulimbana nalo. Agogo oterewa sasowa m'midzi mwathu. Chowasowa ndicho wowaphunzitsa.

Chenjezo lilipo, ndipo nlolemera. Amene wamwa kolapitsa zaka zambiri, akaleka mwadzidzidzi, angathe kugwa ngati wakhunyu, kubwebweta, kuona zilombo pakhoma, ngakhale kufa kumene. Chotero kumtsekera m'nyumba kapena kummanga zingwe kumalo a mapemphero kuli kuika moyo wake pachiswe. Masiku oyambawo afunika dokotala ndi mankhwala, ndipo uphungu ndi pemphero zitsate. Akadzagwanso patapita miyezi, monga achitira ambiri, asamtaye, koma afunsane naye chimene chinamgwetsa, kaya ndi tsiku la malipiro, kaya maliro, kaya abwenzi akale.

Tsono chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba, ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, sizingasenze dziko lonse, ndipo mayi wa ku Nsanje alibe ndalama ya ulendo wotere. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, linachita bwino. Liphunzitsenso anamwino, alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo uphungu womvetserawu, kuti upezeke pa chipatala chaching'ono chilichonse, pa tsiku lodziwika, monga ipezekera sikelo ya ana.