Chipukuta Misozi Chisayesedwe ndi Malipiro a Munthu

Dokotala kapena namwino akalakwitsa ntchito chifukwa cha kusasamala, wodwala nkulumala kapena kumwalira, bwalo la milandu lingathe kulamula kuti paperekedwe chipukuta misozi. Ndalamazi zimakhala za mitundu iwiri. Zoyamba ndi zobwezera zimene munthu wataya, monga malipiro a kuntchito ndi ndalama zolipira kuchipatala. Zachiwiri ndi zopepesa ululu, chilema ndi chisoni. Maboma ena anaika malire pa ndalama za mtundu wachiwiriwu, ndipo zimene zinachitika ku California, m'dziko la America, zikusonyeza amene amapwetekeka ndi malire otere.

M'chaka cha 1975 madokotala a kumeneko anadandaula kuti ndalama zolipira inshuwalansi yowatchinjiriza pa milandu zakwera koposa, mpaka ena ananyanyala ntchito. Boma linakhazikitsa lamulo loti ndalama zopepesa ululu zisapitirire madola 250,000. Dandaulo lawo linali lomveka, pakuti dokotala akaleka ntchito poopa milandu, ovutika ndi odwala omwewo.

Koma lamuloli silinakomere onse mofanana. Munthu wa ntchito yapamwamba akalumala, bwalo limawerengera malipiro a zaka zonse zimene akanagwira ntchito, ndipo ndalama zimenezo zilibe malire. Nanga mwana wakhanda, mayi wosamala pakhomo, kapena nkhalamba yopuma pa ntchito? Awa alibe malipiro oti nkuwerengera, kotero gawo lalikulu la chipepeso chawo ndi lomwe lija linatsekeredwa. Ndiponso maloya a kumeneko amalandira mphotho yawo kuchokera pa ndalama zimene wodandaula wapambana. Motero ambiri ankakana milandu ya ana ndi okalamba poona kuti ndalama zoyendetsera mlandu zikhoza kumeza phindu lonse.

Chinanso nchakuti chiwerengerocho chinakhala chosasintha zaka 47 pamene mitengo ya zinthu inali kukwera. Pofika 2022 mphamvu ya ndalamazo inali itatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. M'chaka chimenecho lamulo linakonzedwa: kuyambira 2023 malire anakhala madola 350,000 kwa wovulala ndi 500,000 ngati munthu wamwalira, ndipo akukwera chaka ndi chaka mpaka adzafike 750,000 ndi 1,000,000. Ku Florida nako, bwalo lalikulu linathetsa malire otere mu 2017 ponena kuti amasankha anthu, popeza wovulala kwambiri ndiye amene amatayapo zambiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu ambiri a m'midzi ya m'Malawi ndi alimi, opanda kalata yosonyeza malipiro a pamwezi. Mayi amene wataya chiberekero chifukwa cha kusasamala kwa wina sangaonetse bwalo malipiro amene wataya, komabe kutaya kwakeko nkwakukulu. Nzoona kuti chipepeso cha mlandu wa chipatala cha boma chimachokera m'thumba la anthu onse, ndiye sichiyenera kuperekedwa mwachisawawa. Koma ngati aphungu adzaganiza zoika malire, malirewo azidzakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu, ndipo asadzakhudze amene alumala moyo wawo wonse.

Njira yeniyeni yochepetsera milandu ndiyo kuchepetsa zolakwa. Wodwala amene waona kusasamala akadandaule kwa mkulu wa chipatala kapena ku bungwe la Medical Council of Malawi, ndipo asunge bwino buku lake la kuchipatala, pakuti ndilo mboni yake.