Makina a Fataleza Asagone Mvula Ikafika

Mwezi wa November ukayandikira, maso a mlimi wa ku Chiparamba, Kalichero kapena Mtenguleni amakhala pa zinthu ziwiri: mitambo ndi lamya ya m'manja. Masiku ano fataleza ndi mbeu za Boma sizituluka dzina la mlimi lisanaoneke m'makina ochedwa ZIAMIS, amene Unduna wa Zamalimidwe umayendetsa mothandizana ndi a Smart Zambia. Makinawo akagona, khasu nalo lagona.

Njira ya e-voucher inayamba m'caka ca 2015 m'maboma 13. Mu 2017 inafalitsidwa m'dziko lonse, kwa alimi pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri akumbukira zimene zinatsatira. Makhadi anacedwa kutsegulidwa, netiweki inali kusowa kumidzi, ndipo ena amene anali atalipira kale K400 yao anadikira kufikira cimanga citapitirira msinkhu wothira fataleza. Caka cotsatira maboma ena anabwerera ku njira yakale. Goli limene likwana maboma 13 silingakokere dziko lonse popanda kulisema mwatsopano.

Nchito ya makina awa iri ngati mtsinje wa Lutembwe. M'cilimwe madzi ndi ocepa, koma dzinja likafika amadza onse tsiku limodzi. Alimi salowa m'sitolo mmodzimmodzi caka conse. Amakhamukira ku Down Shops m'milungu yowerengeka cabe. Womanga makina ayenera kuyeza ndi cigumula, osati ndi madzi a mu August.

Akatswiri ali nayo njira imene amaicha microservices. M'malo momanga cimpanda cimodzi cosunga zonse, nchito imagawidwa m'timagawo todziimira patokha: kena kolemba maina, kena kolandira ndalama, kena kotumiza uthenga pa lamya, kena kolipira ogulitsa. Kotumiza uthenga kakafa, kolemba maina kamapitiriza. Mzere ukatalika pa kamodzi, kokhako ndiko kamaonjezeredwa mphamvu kucokera ku makompyuta obwereka ochedwa cloud, ndipo khamu likatha mphamvuyo imabwezedwa. Agogo athu sanaike mapira, nshawa ndi cimanga m'nkhokwe imodzi, ndipo ngakhale mbewa imakumba khomo lina lothawira.

Sitikunena kuti njirayi ndi yapafupi. Timagawo tikaculuka, tifuna anthu ophunzira otiyang'anira usana ndi usiku, ndipo anthu otere salembedwa ndi malipiro a cisoni. Ndalama imeneyo Boma lisaiumire.

Cilala ca 2024 cinatiphunzitsanso cina. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri ndipo nsanja za lamya zina zinakhala cete. Motero maina a alimi asungidwe m'malo awiri kapena atatu otalikirana. Koposa apo, wogulitsa wa ku Vubwi kapena Chipangali akhale ndi njira yolembera zimene wapereka netiweki ikasowa, n'kuzitumiza ikabwerera. Mai amene wapalasa njinga kucokera mbandakuca asauzidwe kuti abwere mawa.

Tipempha a Unduna kuti mu July ndi August, misika ya fataleza isanatenthe, makinawa ayesedwe ndi katundu wolemera ngati wa mu November, kagawo kena kazimitsidwe dala kuti aone ngati tinzake tiimabe. Alangizi a m'makampu ndi ogulitsa a kuno ku Chipata aitanidwe pa kuyesako, ndipo zotuluka zake zilengezedwe pa wailesi m'Cinyanja.