Jombo zatsopano zisaponde matope zisanapakidwe phula

Mvula ikayamba mu Novembala, jombo zachikopa zimayenda malonda m'misika ngati wa Limbe ndi wa Lilongwe. Alonda, alangizi a zaulimi ndi akabaza a njinga zamoto amazigula modula, koma pofika Malichi ena amakhala ali kale kwa osoka nsapato. Nthawi zambiri vuto si chikopa ayi, koma kasamalidwe, ndipo wogulitsa amene amangolandira ndalama osalangiza wogula nayenso ndi wolakwa.

Chikopa chimafewa chifukwa cha mafuta amene ali mkati mwake. Chikamanyowa n'kuuma mobwerezabwereza, mafutawo amatha, chimauma gwa n'kuyamba kung'aluka popindikira zala. N'chifukwa chake jombo yatsopano iyenera kupakidwa dubbin kapena polishi wa phula isanaone mvula, makamaka m'misoko momwe madzi amalowera. Igone usiku umodzi, m'mawa ipukutidwe ndi bulashi. Za chikopa cha suede phula limaziwononga, zimafuna mankhwala opopera. Oyilo wakutha wa galimoto asayandikire n'komwe.

Jombo ikanyowa, mwini wake achotse matope, aike nyuzipepala mkati n'kuiumitsa pamthunzi podutsa mphepo. Pambaula kapena padzuwa loswa mtengo chikopa chimakwinyika ndipo guluu wakunsi amamatuka. M'dambo lodzaza madzi m'mofunika magambutsi, osati chikopa.

Mtengo wa kachitini ka polishi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa jombo. Wamalonda wochenjera amakaika pambali pa nsapato n'kufotokozera kasitomala kapakidwe kake. Amapindula kawiri: wagulitsa polishi, ndipo kasitomalayo akadzabweranso adzabwera ndi mnzake, osati ndi madandaulo.