Malamulo a makhonsolo angathandize kutsitsa mtengo womangira nyumba

Anthu akamadandaula za kukwera mtengo kwa ntchito yomanga nyumba, kawirikawiri amatchula simenti, malata ndi zitsulo. Komatu gawo lina la mtengowo limachokera m'malamulo a makhonsolo, omwe amanena za kukula kwa puloti, chiwerengero cha nyumba zoyenera kumangidwa pa pulotiyo komanso ndondomeko yopezera chilolezo chomangira.

Mzinda wa Auckland m'dziko la New Zealand ndi umodzi mwa mizinda imene inayesa kusintha malamulo oterewa. M'mwezi wa November 2016, khonsolo ya mzindawu inayamba kugwiritsa ntchito pulani yotchedwa Auckland Unitary Plan, imene inalola kuti pa magawo pafupifupi atatu mwa magawo anayi a malo okhala anthu pazimangidwa nyumba zambiri kuposa kale, kuphatikizapo zogundizana ndi zosanjikizana.

Zotsatira zake sizinachedwe kuoneka. Nyumba zatsopano zimene zinalandira chilolezo zinali pafupifupi 10,000 m'chaka cha 2016, koma mu 2022 zinaposa 21,000. Kafukufuku wa Ryan Greenaway-McGrevy wa ku University of Auckland anapeza kuti patatha zaka zisanu ndi chimodzi, lendi inali yocheperapo ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi pamene ikanafika malamulowo akanapanda kusinthidwa. Izi sizikutanthauza kuti lendi inatsika, koma kuti inakwera pang'onopang'ono.

Nawo mzinda wa Houston ku America mu 1998 unachepetsa kukula kwa puloti yovomerezeka mkatikati mwa mzindawu kuchoka pa masikweya mita pafupifupi 465 kufika pa 130, ndipo mu 2013 lamuloli linafalikira kumadera ena. Phindu lake ndi losavuta kumvetsa. Malo amene kale pankakhala banja limodzi akagawidwa patatu, mabanja atatu amagawana mtengo wa malowo, wa msewu ndi wa mipope ya madzi.

Nkhaniyi ikukhudzanso makhonsolo a m'dziko muno, omwe lamulo la maboma aang'ono la 1998 linawapatsa mphamvu zokhazikitsa malamulo awoawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu pafupifupi 1 miliyoni ndipo mu Blantyre munali oposa 800,000. Puloti yovomerezeka ikakhala yodula kapena chilolezo chikamachedwa, anthu sasiya kumanga. Amangosamukira kumadera opanda mapulani monga Mtandire, Chinsapo ndi Mbayani, kumene kulowetsa misewu ndi madzi pambuyo pake kumadya ndalama zambiri.

Maganizo ofewetsa malamulo si achilendo kuno. Madera monga Kawale, Zingwangwa ndi Bangwe anakula kudzera m'ndondomeko ya Traditional Housing Areas, imene inkapatsa munthu puloti yoyezedwa bwino n'kumulola kumanga ndi zipangizo zimene angakwanitse, kenaka n'kumakonza nyumbayo akapeza ndalama.

Komabe si lamulo lililonse loyenera kufewetsedwa. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023 anapha anthu ambiri ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kumene nyumba zinakokoloka ndi matope. Malamulo oletsa kumanga m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, komanso okhudza maziko, ngalande ndi zimbudzi, amateteza moyo ndipo ayenera kutsatidwa mosanyengerera. Kuchulukitsa nyumba pamalo amodzi kumafunanso kuti madzi ndi njira zotayira zonyansa ziwonjezeredwe.

Choncho ntchito imene ili m'manja mwa makhansala ndi akuluakulu oona za mapulani ndi kuunika malamulo awo limodzilimodzi, n'kusiyanitsa oteteza moyo ndi amene amangokweza mtengo. Kukula kwa puloti, chiwerengero cha nyumba pa puloti ndi masiku odikira chilolezo ndi zinthu zimene akuluakulu angaunikenso popanda kufuna ndalama zambiri kuchokera kuthumba la boma.